A Nankhoma a pa Jeke

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha a Nankhoma, patatha chaka chathunthu chiwaikireni m'manda. Abusa analalikira kuti malemuwa anali mayi wofatsa, wosakonda zoyankhulayankhula. Ine ndinachita kuluma mlomo, maso pansi, kuopa kuseka pamanda. Wofatsa, a Nankhoma? Tiwakhululukire abusawo, ndi achilendo, anabwera kuno mayiwo atagona kale pamphasa. Ife amene tinakhala nawo pa Chamama pano tikudziwa kuti mtendere ankaukonda ndithu, koma unkafika wina atayamba watuluka thukuta.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ya a Saidi, ndipo shedi ya a Nankhoma ili tsidya la msewu, maso ndi maso. Choncho zimene ndinene panozi sindinachite kuuzidwa.

M'shedimo munali jeke, chitsulo chodindira fodya m'mabelo. Ulime fodya wokongola chotani, umusoke, umuyanike m'chigafa, umusankhe bwinobwino, koma wosadinda ku okushoni sapita. Amuna awo a Nankhoma anali kapitawo pa esiteti ina cha ku Chisemphere, ndipo esitetiyo itagwa mwini wake analibe ndalama zowalipira, anangowapatsa jekeyo. Sipanathe zaka ziwiri bambowo anatisiya. Abale a bambowo anabwera ndi ngolo kudzatenga jeke, ati chitsulo si katundu wa mkazi. A Nankhoma analowa m'bokosi la jekelo, n'kukhala pansi mmenemo, n'kuwauza kuti anyamule zonse pamodzi, azikawadyetsa kwawoko. Anakhala mmenemo kuyambira m'mawa mpaka ng'ombe za pangolo zinayamba kulira njala. Ngolo inabwerera yopanda kanthu.

Anali aafupi, ojintcha, a mawu omveka kuchigayo ali pa shedi. Ankavala magambutsi a malemu amuna awo dzinja ndi chilimwe chomwe, ndipo pa duku pawo sipankasowa zingano yaikulu yosokera ziguduli. Fodya anamugwira moyo wawo wonse koma sanamusutepo, ngakhale wamphuno. Kuwerenga mawu kunkawavuta, koma manambala a pa sikelo ankawaona ali patali, ndipo sindikudziwa munthu amene anawaberapo theka la kilo.

Koma chimene amuna ankawaopera si sikelo ayi. Unali moni wawo.

Kuno kwathu ndalama za fodya zikatuluka mabanja amagwedezeka. Munthu amapita ku boma kukatapa ndalama kubanki, amabwerako patatha sabata ziwiri ali ndi wailesi, njinga, nthawi zina ndi mkazi watsopano. Mkazi wakale, amene anathirira nazale ndi kusoka fodya mpaka zala kuda bii, amabwerera kwawo ndi ana ndi mtolo wa ziwiya. A Nankhoma ankawadziwa maina ana onsewo. Mwamuna akafika pa jeke ndi ngolo yake, mkazi watsopano atakhala pamwamba pa fodya, iwo ankamuitana ndi dzina la mwana woyamba wa kwa mkazi wosiyidwa uja, mokweza, mzere wonse ukumva. Akatero ankayamba kufunsa mmodzimmodzi, ngati uje malungo aja anachira, ngati uje anakhoza mayeso, ngati wamng'ono uja ali ndi bulangete. Mwamuna akayamba chibwibwi iwo ankadziyankha okha, pakuti mayankho ankawadziwa kale.

Ankakonda kunena kuti ukwati umatha, ankhoswe amagwirana chanza n'kubalalika, koma mwana sasudzulidwa. Ankanenanso kuti mimba ya mwana sidziwa tsiku lotsegulira okushoni, imafuna chakudya ngakhale mu Febuluwale. Amuna ambiri ankagonjera pomwepo. Panabadwa chizolowezi chimene anthu anachitcha belo la ana: bambo wosiyana ndi mkazi ankaloza belo limodzi pa mabelo ake, ndipo likagulitsidwa ndalama zake ankadzazipereka kwa mayi wa anawo pa shedi pomwepo, ankhoswe a mbali zonse alipo. Silinali lamulo la boma kapena la mfumu. Anali manyazi basi, koma ankagwira ntchito.

Amene sanagonje anali mmodzi, a Yotamu Chisale, mlimi wamkulu wa kuseri kwa dambo, wa matenanti atatu ndi njinga yamoto. Anasiya mkazi wawo Esinati ndi ana atatu, wamkulu mtsikana dzina lake Chifuniro, mwana wanzeru zake amene aphunzitsi ankachita kumulozerana. Sukulu ya mwana ameneyu inatsala pang'ono kuthera pa ukwati ali ndi zaka khumi ndi zinayi, bambo ake ndalama ali nazo. Ndifika pamenepo, koma ndiyambe ndaulula zanga, a Nankhoma angandidzudzule ali kumanda.

Inenso anandigwira. Ndinasiyana ndi mkazi wanga woyamba tili ndi ana awiri, ndipo ndinkadzinamiza kuti telala salima fodya, ndiye za pa jeke sizindikhudza. Tsiku lina anawoloka msewu ndi kakabudula ka yunifolomu kong'ambika kumatako, chigamba pamwamba pa chigamba. Ndinakasoka, uku ndikunyogodola kuti makolo ena alibe manyazi, mwana kumuveka zotere. Ndinatchula mtengo, iwo analipira osanenerera. Atakapinda bwinobwino anati, "Zikomo a telala. N'ka mwana wanu wamkulu."

Pakhonde panali anthu asanu, a Saidi omwe. Ndinatha miyezi itatu osawapatsa moni mayiwo. Koma sabata yomweyo ndinasoka mayunifolomu awiri, ndipo kuyambira mwezi umenewo sindinadumphitsenso kutumiza chithandizo. Ndinawada kwambiri nthawi imeneyo, ndipo lero ndikuwalira kuposa abale anga ena.

Sikuti ankalondola nthawi zonse. Panali mlimi wina wa ku Mtunthama amene anamuyalutsa pamzere kuti ana ake akugona ndi njala. Zoona anawo ankagona ndi njala, koma bamboyo ndalama ankatumiza mwezi ndi mwezi, mayi wa anawo ndi amene ankazipereka kwa mwamuna wake watsopano kuti azikayendetsera geni. A Nankhoma atamva zoona zake ananyamula tambala, n'kuyenda wapansi mpaka kwa mlimiyo, n'kugwada pabwalo anthu akuona. Pochoka pamenepo sanabwerere kwawo, analunjika kwa mayi uja. Zimene ananena kumeneko sindingazibwereze, ndine mkhristu. Amayi okaniza bambo kuona ana ake nawonso ankawadzudzula chimodzimodzi, ati mwana si mbuzi ya chikole.

Akulu a mpingo anawaitanitsapo kawiri, ati akulowerera mabanja a eni. Iwo anayankha kuti mabanjawo ankawapeza atatha kale, ena othetsedwa akulu a mpingo omwewo akuonerera, ndipo iwo akungofunsa za ana obatizidwa m'tchalitchi momwemo. Kachitatu sanawaitanenso.

Tsopano za a Yotamu. Esinati atabwerera kwa amayi ake sanangokhala. Anapita kukhoti la majisitireti ku boma, ndipo khoti linagamula kuti a Yotamu azipereka chithandizo cha ana mwezi uliwonse. Anapereka miyezi iwiri, basi, zii. Esinati ankakazinga mandasi kuti apeze thiransipoti, n'kukatenga samani. Tsiku la mlandu a Yotamu ankasiya njinga yamoto kunyumba, ankavala malaya ong'ambika kolala ndi mapatapata, n'kupereka kwa a majisitireti pepala la ku okushoni losonyeza kuti chaka chonse agulitsa mabelo awiri okha. Khoti limaona pepala, siliona chigafa. Ankawapatsa nthawi ina, nthawiyo inkatha, Esinati n'kukazinganso mandasi. Zaka zitatu zinadutsa choncho mpaka mayiyo anatopa.

Chinsinsi cha mabelo awiriwo aliyense ankachidziwa. Belo limapita ku okushoni ndi nambala ya mlimi, ndipo ndalama zimalowa kubanki kwa mwini nambalayo. A Yotamu ankaika mabelo awiri pa nambala yawo, ena onse pa nambala ya mlamu wawo Binitoni, mchimwene wa mkazi watsopano. Zikagulitsidwa Binitoni ankatapa ndalama n'kuwapatsa pamanja. Tonse tinkadziwa, koma kudziwa si umboni. Ndiponso zaka zonsezo a Yotamu ankazemba jeke ya a Nankhoma, ankakadinditsa ku jeke ina ya cha ku Mtunthama, kuthawa moni.

Zinali zaka za makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo apanso Esinati anapwetekeka. M'kaundula banja linalembedwa m'dzina la a Yotamu, choncho kuponi inkapita kwa iwo. Esinati akapita kukalembetsa kumudzi kwa amayi ake, alembi ankamuuza kuti banja lake linalembedwa kale kwina. Feteleza wa ana atatu aja ankathera m'munda wa fodya wa bambo wosapereka kalikonse, chimanga cha Esinati chili chikasu. A Nankhoma anaimirira pamsonkhano wa makuponi, anayankhula mpaka mawu kusasa, koma alembi anati kaundula watsekedwa. Chaka chimenecho analuza, ndipo anabwerera ku shedi osayankhula ndi munthu.

Ndiye kunabwera chaka chimene jeke ya ku Mtunthama ija inathyoka chitsulo chopota, nyengo yodinda ili pakati. M'mwezi wa Juni ndinangoona ngolo zinayi zaima tsidya la msewu, a Yotamu ali pa njinga yamoto kutsogolo, Binitoni kumbuyo kwawo. Ndinaimitsa makina, ndinati lero kuli sewero laulere. Koma abale inu, a Nankhoma anangoti moni bambo a Chifuniro, kamodzi, n'kuyamba kuyeza fodya. Za malungo, za bulangete, osafunsa ngakhale chimodzi. Mpaka anayamikira fodyayo kuti chaka chino sanaone wa mtundu wotere. Ine ndinakhumudwa, ndinati ukalamba wawapeza mayiwa.

A Nankhoma analibe buku. Mabelo a anthu ankawalemba ndi choko kuseri kwa chitseko cha shedi, chitseko chachikulu cha matabwa a mlombwa, mzera umodzi belo limodzi, munthu akalipira n'kufufuta. Koma a Yotamu anali ndi vuto lawo. Chaka chathacho anakangana ndi Binitoni, wina akuti mabelo anali khumi, wina akuti asanu ndi anayi, mpaka mkazi analowererapo. Wogulitsa pa nambala ya mnzake tulo sagona. Choncho anati choko sachikhulupirira, chimafufutika ndi chigongono. Anatenga penti yakuda yolembera manambala pa ziguduli, n'kulemba okha pachitsekopo ndi zilembo zazikulu: dzina lawo, mabelo awiri pa nambala yawo, mabelo khumi ndi awiri pa nambala ya Binitoni, ndi makilo a belo lililonse. Kenako anamukakamiza Binitoni kusaina pansi pake, kuti mawa asadzakane. Ankalemba monyadira, akuwerenga mokweza kuti alimi a mabelo atatu amve. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chitini cha penti anawagwirira ndi a Nankhoma.

Mu Ogasiti zotsatira za mayeso a sitandade eyiti zinatuluka, ndipo Chifuniro anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Pankafunika fizi, yunifolomu, matiresi, ndowa, thiransipoti, ndipo panatsala sabata zitatu. Wosafika pa nthawi malo ake ankapatsidwa wina. Ankhoswe anapita kawiri kwa a Yotamu. Ulendo woyamba a Yotamu anati fodya sanayende bwino. Ulendo wachiwiri anati sukulu ya mtsikana imathera pa mimba, bola akwatiwe ulemu ulipo. Womufunsira analipo kale, venda wina wogula fodya pa Chamama pano, wa akazi awiri ndi dazi, amene anali atapereka shuga ndi chitenje kwa malume ake a mtsikanayo. Malumewo ankamvetsera.

Esinati anafika pa shedi akulira, n'kugwada pafupi ndi sikelo. A Nankhoma sankadziwa kutonthoza munthu. Anamuuza kuti misozi aisunge ya pamaliro, adzuke akatenge samani kachikena. Esinati anati watopa n'kukachita manyazi kukhoti, pepala la mabelo awiri lija limapambana nthawi zonse. Iwo anamasula mfundo ya chitenje, n'kumupatsa ya thiransipoti, n'kumuuza kuti ulendo uno apita ndi mboni.

M'mawa wa tsiku la mlandu anandiitana kuti ndibwere ndi sikuludilaiva ya makina anga. Ndinayesa kuti pali chomanga. Anandilozera mahinjesi a chitseko. Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chimene anagwirira chitini cha penti mu Juni muja, ndipo ndinaseka mpaka sikulu kundigwa m'manja. Anandiuza kuti ndisiye kuseka, ndivale jekete, inenso ndikupita, popeza ndinaona ndi maso anga munthu akulemba.

Woyendetsa matola anati chitseko chilipire ngati munthu. A Nankhoma analipira, koma anati popeza chalipira ngati munthu chiimirire bwino, asachigoneke pansi pa matumba. Tinayenda nacho choimirira, ine ndagwira uku, Esinati uku, fumbi lili kobo. Titatsika ku boma tinachisenza pamutu awirife, a Nankhoma ali patsogolo ndi magambutsi awo, anthu m'misewu akutiyang'ana ngati tasamuka. Pakhomo la khoti wapolisi anatiimitsa.

"Amayi, chitsekochi n'cha chiyani?"

"Ndi mboni, mwana wanga. Chipatse njira."

A Yotamu anali atakhala kale m'kati, malaya ong'ambika kolala aja, mapatapata aja. Binitoni anali kumbuyo, anangobwera kudzawaperekeza. Chitseko tinachitsamiritsa kukhoma, zolemba zitayang'ana kukhomako, ndipo a Yotamu anachiyang'ana kamodzi osachizindikira, pakuti chitseko kunja kwake n'chitseko basi. Analumbira atagwira Baibulo, anapereka pepala lawo, ananena kuti mabelo ndi awiri, feteleza anakwera, mwana amamukonda koma manja ndi aafupi. Ankayankhula mwachisoni moti ukanakhala mlendo ukanawaponyera ya sopo.

A majisitireti, mayi wa magalasi, anafunsa Esinati ngati ali ndi mboni. A Nankhoma anaimirira, anatchula dzina lawo ndi ntchito yawo, kenako anatikodola kuti titembenuze chitseko. Anati, "Bwana, ine sukulu sindinapite patali, mawu amandivuta. Koma bambo a Chifunirowa anaphunzira. Ndimati atiwerengere zimene zalembedwa apazi."

A Yotamu anayang'ana pentiyo, kukamwa yasa, thukuta kamukamu. Anayamba kunena kuti munthu aliyense akhoza kulemba dzina la mnzake pachitseko. A majisitireti anatsika pampando, anawerenga okha mzera ndi mzera, n'kufunsa kuti Binitoni amene wasaina pansiyu ali kuti. Anthu onse anacheuka. Binitoni anaimirira. Atamuuza kuti kunama m'khoti ndi mlandu, ndipo nambala yake ya fodya ikhoza kulowa m'mavuto, anaulula zonse mopitirira zimene anafunsidwa. Mabelo asanu ndi awiri anali atagulitsidwa kale, ndalama zili kubanki, asanu adakali pamzere ku okushoni. Anawonjezeranso za chaka chatha ndi dzana lake, mpaka ndi belo limene anakanganirana lija. Anthu anaseka chikhakhali, wapolisi akuti chete uku nayenso akuseka, a majisitireti atabisa nkhope kuseri kwa fayilo. Ine umboni wanga sunafunikenso, jekete ndinangovalira ulemu.

Chigamulo chinali chakuti ngongole yonse ya zaka zitatu iperekedwe kudzera kukhoti pasanathe masiku asanu ndi awiri, Binitoni abwere ndi pepala la kubanki, ndipo akalephera a Yotamu akalowe ndende. Esinati anangokhala pansi pasimenti, manja kumaso.

Panja a Yotamu anawatsatira a Nankhoma. Ndinasendera pafupi, kuopa kuti pakhala ndewu. Koma anangoti mwandivula, mayi. A Nankhoma anawayang'ana kuchokera kumapatapata mpaka kukolala.

"Penti inali yanu, dzanja linali lanu. Ine ndinangogwira chitini. Mwana wanu wasankhidwa, bambo a Chifuniro. Amuna anzanu akanapha mbuzi."

Tinabwerera opanda chitseko, chifukwa khoti linachisunga ngati umboni. Mbiri inali itatitsogolera pa foni. Titatsika pa Chamama amayi a pamsika anasiya tomato ndi usipa, nthungululu kuti lululu, ena akuyala zitenje pansi kuti a Nankhoma apondepo. Iwo anazilambalala zitenjezo, ati magambutsi ali ndi fumbi, n'kupita kukaona ngati sikelo ilipo. Shedi inakhala mwezi wathunthu yosatseka, ndipo sipanasowe ngakhale chiguduli chimodzi.

Ndalama zinabwera tsiku lachisanu ndi chimodzi. Yunifolomu ya Chifuniro ndinasoka ndine, ya nsalu yabwino kuposa zonse za m'sitolo ya a Saidi, mipendero ndinasiya yaikulu kuti akule nayo. Shuga wa venda uja anali atamwedwa kale kwa malume, choncho a Nankhoma anagula paketi ina ndi ndalama zawo, anatenga ndi chitenje chija, n'kukamutulira pa sikelo yake pamsika masana dzuwa likuswa mtengo. Chifuniro ananyamuka kutatsala masiku awiri, matiresi atakulungidwa pamwamba pa minibasi. Chaka chotsatira kuponi inatuluka m'dzina la Esinati, alembi osafunanso kukangana ndi munthu woyenda ndi chitseko.

Zinali ndi mtengo wake. Nyengo yotsatirayo alimi ambiri anathawa jeke ya a Nankhoma, ati chitseko chimayankhula, ndipo ena ankabwera atanyamula kansanza kofufutira choko okha. Ndalama zinachepa, denga la shedi linadontha chaka chonse osakonzedwa. Iwo sanadandaule. Ankati othawawo ndiye akuwauza kumene kuli ana anjala. Patapita zaka ziwiri ambiri anabwerera, popeza mabelo a a Nankhoma ankatuluka owongoka, osabwezedwa ku okushoni. A Yotamu sanabwerere, koma fizi analipira mpaka folomu folo, akung'ung'udza teremu iliyonse, ndipo teremu iliyonse a Nankhoma ankatuma munthu kukaona lisiti.

Tsiku lina mvula itatitsekereza pakhonde langa ndinawafunsa chimene ankazunzikira ndi ana a eni, awo atakula kale. Anayamba atokosa nsalu zanga ndi zingano yawo ija. Kenako anandiuza kuti bambo awo anapita ku Joni iwo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anatumiza bulangete limodzi ndi kalata imodzi, basi. Sukulu anasiyira sitandade thu chifukwa cha ndalama zosakwana kugula nkhuku. Anthu ankati bambowo ali moyo, ali ndi nyumba ya malata ndi ana ovala nsapato. Ananena zimenezi osakweza mawu, mvula itakata anawoloka msewu, ndipo sanazibwerezenso.

Zaka zomalizira miyendo inawakana. Majeke anachuluka, makampani anayamba kugula fodya wa mgwirizano, alimi ena anasiyiratu fodya n'kuyamba soya. Ankawanyamulira mpando n'kuwakhazika pakhomo la shedi, ndipo amayi a mapepala a kukhoti ankabwerabe, ena ochokera kutali ku Chisemphere. A Nankhoma ankawauza ofesi yoyambira, tsiku loyenera kupita, ndi kuti asamapite okha. Anamwalira mwezi wa Meyi, fodya akudindidwa.

Loweruka lija titachoka kumanda, ana awo anagawa katundu. Jeke anagulitsa kwa munthu wa ku Mtunthama. Chifuniro analipo, tsopano ndi mphunzitsi pa pulayimale ina cha ku Chisemphere, mayi wa ana awiri, wonenepa bwino. Atamufunsa ngati pali kanthu kamene angakonde kusunga, anati chitseko. Ndinatenganso sikuludilaiva yanga. Penti ija idakalipo, yakuda ngati yalembedwa dzulo, a Nankhoma anakana kuipala zaka zonsezi. Chifuniro anagwira mbali imodzi, koma mlombwa ndi wolemera, ndipo ine msana unandithera pa makina. Pagulu panatuluka bambo wa imvi, wowonda, amene kumanda anaima kumbuyo kwenikweni. Anali a Yotamu. Anagwira mbali inayo, dzina lawo lili pamphuno pawo penipeni.

"Gwira bwino, mwana wanga," anatero. "N'cholemera."

Anachikweza awiriwo pa galimoto.

Lero ndatsegula makina anga mwa nthawi zonse. Tsidya la msewu shedi ili pululu, pafelemu patsala mabowo a masikulu okha. Pansi pali malo a makona anayi, oyera kuposa pena ponse, pamene panakhala jeke zaka makumi atatu, ndipo m'mbali mwake mafuta anadetsa dothi. Mbedza ya sikelo idakalendewera kumtanda. Mbuzi za a Saidi zapeza pogona, ndipo mphepo ikawomba kuchokera kumeneko fungo la fodya limafikabe pakhonde pano. Chakum'mawaku a Yotamu adutsa pa njinga yakapalasa, thumba la chimanga kumbuyo, akupita kuchigayo. Atafika pakhomo lopanda chitsekolo atsika panjinga, avula chipewa, adutsa wapansi, n'kukakweranso patsogolo.